Njerwa za Achimwene

Nsaru,
14 Novembala 1938.

Okondedwa achimwene a Gideoni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Mukaona zilembo zokhota musati mlongo wanu waiwala sukulu, ndi chimwemwe chikundilembetsa mothamanga. Tchalitchi chathu chatha, cha njerwa zootcha, ndipo dzulo tapempheramo koyamba!

Anthu anachokera ku Kabudula, ena mpaka ku Nambuma, moti ambiri anamvera pawindo. A Mateyu, mkulu wa mpingo uja, anafotokoza mbiri yonse, mmene anthu asanu ndi awiri, pamodzi ndi malemu bambo, ankapempherera pansi pa mkuyu, belu lawo lili khasu lakutha, ndi mmene kachisi wa udzu anagwera kawiri ndi chiswe. Atatchula dzina la bambo, amayi analira. Nyimbo yake tinaimba mpaka mawu kusasa.

Tsopano pali kanthu kamene ndakhala ndikukazungulira miyezi itatu, n'kumakulemberani za fodya ndi mbuzi. Uvuni womaliza wa mpingo sunapse bwino, njerwa zinkangofumbutuka m'manja, pamene khoma la mbali yokhala azimayi linali litangofika m'chiuno. A Mateyu anati, "Ana anga, mvula ili pafupi. Tiphimbe ndi udzu, tidikire chaka chamawa." Ine ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Kwathu kuli njerwa."

Inde, zanu zija munaumba nokha kuti mudzamangire amayi nyumba. A Mateyu anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Kodi mwini wake wavomera?" Ndinati munavomera m'kalata. Ndinanama, achimwene, pamaso pa mpingo wonse.

Sindinaiwale kuti atakudulani mumpingo chifukwa cha mowa wa padima munalumbira kuti simudzapondanso m'tchalitchi. Ukali wanu ndimaudziwa, ndipo ndikuuopa. Chonde ndiyankheni mgonero wa pa Khirisimasi usanafike. Mukavomera, bodza langa lidzakhala langofulumira pang'ono. Mukakana, ndikadziulula ndekha kwa akulu a mpingo, tidzakhale odulidwa awiri m'banja limodzi, anthu atiseke bwino. Njerwa zina ndidzakuumbirani, ngakhale zanga zimatuluka ngati mikate.

Koma mukadaona khomalo! Chizolowezi chanu chodinda chala chachikulu m'mbali mwa njerwa iliyonse chakuululani. Timaenje take tili mbwee, kuyambira m'chiuno mpaka kudenga.

Apongozi anu akale a Nedson akupereka moni, ana onsenso. Amayi akuti muzivala chofunda, ndipo za nyumba musadandaule, yakaleyi sikudontha kwambiri. Dzulo anakana mphasa yakutsogolo imene anawakonzera, n'kukakhala chotsamira khoma lija. Pemphero lonse chala chawo chinali m'kadzenje ka chala chanu. Potuluka ndinawafunsa chifukwa chake, iwo anati, "Ndimati ndipemphere ndi mwana wanga."

Ndine mlongo wanu wolakwa koma wokondwa,
Elizabeti.