Shawelo Ija Musagule

Okondedwa bambo a Esinati,

Muli bwanji ku Halaleko? Kuno ku Chinyonga tili bwino, Esinati chifuwa chija chatha.

Sabata yatha mwana m'mimbamu anakhala masiku awiri osatakataka. Ndinakumbukira muja ndinapita padera, ndiye ndinathamangira kusikelo. Anamwino anagunditsa kalipenga kamtengo pamimba n'kumamvetsera, maso ali pawotchi. Anati mtima ukugunda bwino, mothamanga kuposa wanga, ndipo ndi mmene zimakhalira. Akuti mwana amagona ndithu m'mimba, koma akakhalanso chete chonchi ndisadikire. Pobwerera, sitima italira pa Limbe, mwanayu anandiponda m'mimbamu mpaka ndinaima panjira.

Shawelo munanena ija musagule, chonde. Imene tinafulumira kugula ulendo uja idakali m'sutikesi. Mudzagule mukamva kuti walira.

Mulungu akusungeni.

Ine mkazi wanu,
Agnesi