Tawonga Sindimuitana

Amayi, kodi muli bwanji kumwambako, mwazolowera?

Kuno tilipo. Nyanja chaka chino yakwera mpaka yadya mzere wonse wa nthochi zanu, ndipo mpunga womwe ndinalima ku Limphasa ndagawana ndi mbalame. Denga la khitchini likudonthabe. Musandiyang'ane choncho, ndikonza.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tawonga. Mukumukumbukira mzungu wa ku Estonia uja ankaphunzitsa alendo kusambira ku Makuzi, amene munkamuseka akulimbana ndi kondowole? Anakwatirana, anapita naye kwawo, ndipo ali ndi mwana wamkazi. Dzina ndi lanu.

Tawonga ananditumizira foni yomasulira zolemba, ndiye ndimawerenga zimene anthu akumeneko amalemberana pa masamba a mchezo. Ndi timayiko titatu toyandikana, Estonia, Latvia ndi Lithuania. Tsiku lina mkamwini anaika chithunzi cha mwana akukwawa. Wina wa ku Latvia n'kulemba kuti ameneyu ndi wa ku Estonia weniweni, adzayamba kuyenda atamera imvi. Wa ku Lithuania n'kuthirira ndemanga. Amayi, mtima unandiwira. Ndinawayankha ndi Chingerezi changa cha Sitandade 8, kuti wopanda mwana atseke pakamwa, komanso kuti agogo ake a mwanayo ali moyo ku Chintheche.

Tawonga anandiimbira foni akuseka mpaka kutsamwa. Akuti ndi chibale chawo chimenecho: a ku Estonia amasekedwa kuti ndi ochedwa pa chilichonse, iwonso amabwezera kuti a ku Latvia ali ndi zala zisanu ndi chimodzi kuphazi. Manyazi anandigwira. Ine mwana wanu kulephera kuzindikira zimenezi! Inu Mngoni wa ku Ntcheu, amene Atonga ankakunenani kuti mumaopa minga ya usipa, inu n'kumawayankha kuti amavala suti m'mimba muli gwa. Paja munkati, wosakuseka sabwera pamaliro ako.

Koma pa masamba omwewo pali zina zosaseketsa. Kum'mawa kwawo kuli dziko lalikulu lomwe linawalamulirapo kale, ndipo akuopa kuti lingabwerenso ndi nkhondo. Amafunsana zoika m'chikwama chothawira: madzi, tochi, mankhwala, mapepala a ana. Ena amakalipirana kuti musatiopseze. Ena amalemba kuti pano sitichoka, agogo athu anachotsedwapo kale, zakwana. Wa ku Latvia yemwe ndinamulalatira uja ndi amene analembera mkamwini kuti zikavuta, chipinda chilipo kwawo, abwere ndi mkazi ndi mwana.

Ndikuopa, Amayi. Sindikubisirani. Foni ikangolira, ndimasiya chilichonse n'kuithamangira.

Alamu anu, abambo aang'ono, anamva nkhaniyi pa wailesi, ndipo anabwera atavala jekete dzuwa lili pamutu. "Mwana uja muitane, Esinati! Abwere ndi kamwanako, mzunguyo atsale ndi nkhondo yake." Ati ndikapanda kutero, chikachitika chinthu mlandu ndi wanga, ndipo pabwalo la banja ndisadzakhalepo. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ku Bandawe akufuna yankho.

Ndinamufunsa Tawonga mwini wake. Wati chikwama walongeza, koma wayamba kuphunzira kumanga mabala pamodzi ndi amayi anzake a m'deralo, ndipo mwamuna wake samusiya. Anandifunsa ngati ndikumulamula kuti abwere. Ndikanamulamula akanabwera, ndikumudziwa. Akanabwera akulira, ukwati n'kuthera pabwalo la ndege, chifukwa cha mantha anga.

Sindinamulamule. Ndipo sindimulamula. Abambo aang'onowa pa ukwati anavina mpaka nsapato kung'ambika, lero ati mwamunayo ndi mlendo? Mwana tinamupereka masana anthu akuona. Wapeza anthu amene amamuseka ndi kumusungira chipinda, ndiye ine ndikhale woyamba kuthawa m'malo mwake? Ayi. Akandichotsa pabwalo, ndidzakhala pakhonde panga, mphepo yake ndi yomweyo.

Lamlungu ndiyankha choimirira. Koma inu kumeneko, ngati mumaloledwa kuyenda, kadutseniko ku Estonia mukamuone mnzanu wa dzina. Muvale zofunda, akuti kumazizira koopsa.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti kaya kugwe chiyani, sindidzamuuza Tawonga kuti analakwa kutsala.

Mwana wanu,
Esinati