Mapiritsi a Amake a Nduna

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa cha kamtsikana kako kaja chinatha? Kuno tilipo. Ine ndi msana womwe uja wa pamakina osokera, alamu ako akugwira ntchito, ana akupita kusukulu. Za amayi ndinena m'munsimu, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Foni yako ndaimba mpaka chala kutopa. Amayankha ndi mlembi wako uja wa mawu osalala, ndipo nthawi zonse akuti olemekezeka ali pamsonkhano. Ndiye kalatayi ndapatsira dalaivala wako, amene wabwera lero ndi mankhwala a amayi, ndipo ndamuuza kuti akupatse m'manja. Komanso ndikuti iwe. Olemekezeka azikutchula a kumeneko. Ine ndinakubereka kumbuyo, unandikodzerapo kangapo.

Ukudziwa kuti chikhalireni nduna ya zaumoyo, ife nthawi ya mafunso ya m'Nyumba ya Malamulo sitiphonya. Ine ndimaimitsa makina, amayi amakokera mpando pafupi ndi kanema n'kumati tiyeni timve Wailesi, dzina lija bambo anakupatsa chifukwa sunkatseka pakamwa. Tsiku lina phungu anakufunsa za maambulansi, iwe n'kunena poyera kuti sukudziwa, ukafufuza. Sabata yotsatira unabweradi ndi yankho. Amayi anauza msewu wonse kuti mwana wawo akapanda kudziwa amavomera. Ngakhale wogulitsa makala anamva nkhani imeneyo kawiri.

Sabata yathayi nthawi ya mafunso inatipeza kuchipatala, chifukwa linali tsiku la amayi lokayezetsa kuthamanga kwa magazi. Sindikudziwa ngati chipinda chodikirira chija ukuchikumbukira. Muli mabenchi ataliatali, ndipo kanema anamukoleka m'mwamba m'khola la zitsulo kuti asabedwe. Odwala magazi ndi shuga amakumana momwemo mwezi ndi mwezi, aliyense ali ndi malo ake pabenchi. Pambali pa amayi pamakhala amake mapasa, mnzawo uja ankagulitsa nawo kumsika ife tili ana.

Kumapeto kwa chipindacho kuli windo lolandirira mankhwala. Kwa miyezi tsopano mtsikana wogawa mankhwala pawindopo amangonena mawu amodzimodzi, akuti palibe, mukagule. Amawanena maso ali pansi. Anthu amayezetsa, kumva kuti magazi akwera, n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

Tsikulo alonda anakweza mawu a kanema dala, ati timvere mwana wa amayi awa. Amayi anakonza mpango kumutu, anakhala mowongoka.

Tinakuona ukulowa mochedwa, ukuseka ndi mnzako wa pambali, maso ali pafoni. Phungu wamkazi wa mbali yotsutsa anaimirira, anafunsa chifukwa chake m'zipatala mulibe mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Unawerenga yankho papepala limene anakulembera, za makatoni amene ali m'njira ndi ndondomeko zimene zikukonzedwa. Pamenepo sindinakwiye. Mawu otero tinawazolowera.

Koma mayi uja anaimiriranso ndi funso lowonjezera. Anatchula chipatala chathu chomwechi, anati anafikako yekha ndipo anaona anthu akubwezedwa pawindo. Ndinakuona ukutembenuza pepala, kuseri kunalibe kanthu. Kenaka unakanda khutu. Mlongo wanga, dziko lonse linaona nduna ikukanda khutu, koma ine ndi amayi tikudziwa chimene chimatsatira iwe ukakanda khutu. Amayi anandigwira dzanja.

Unanena kuti mayi ako okubereka amalandira mankhwala awo pawindo lomwelo mwezi uliwonse, ndipo ngakhale sabata yapitayo analandira. Unawonjeza kuti mwina phunguyo anapita pawindopo kukadziyang'anira tsitsi pagalasi. A mbali ya boma anaseka chikhakhali, kumenya matebulo, wina mpaka kukusisita paphewa. Sipikala anakhalitsa anthu chete, anaitana funso lina. Mayi uja anatsala chiimire kukamwa kuli yasa, chifukwa ndani angatsutsane ndi munthu pa za mayi ake? Unadziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate umene unasankha ndi amayi.

M'chipinda chodikirira muja mitu inayamba kutembenukira kwa amayi, benchi ndi benchi. Bambo wina wotupa miyendo ananena mokweza kuti kani mankhwala alipo, kungoti ndi a amayi a anthu akuluakulu. Anthu anadzuka, anathamangira pawindo. Mtsikana uja anatseka, iwo n'kumamenya chitsulo, ena akumutcha wakuba, ena akuti amagulitsa mankhwala kuseri. Anatulukira khomo la kumbuyo akulira. Pano akuluakulu a chipatala amuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, ati afufuze kaye mankhwala amene ankabisira amake a nduna. Mtsikanayo ali ndi mwana woyamwa.

Iwe ndi ine tikudziwa kumene mapiritsi a amayi amachokera. Amabwera ndi dalaivala wako, m'kathumba koyera ka sitolo ya mankhwala ya mumzinda. Pa chimenecho sindikukudzudzula, ndipo ndimakuthokoza. Pawindo paja amayi sanalandirepo kanthu chiyambire vutoli.

Pali china chimene sukudziwa. Mapiritsiwo amayi samwa onse. Amawadula pakati ndi lezala, n'kumanga zidutswazo pakampango, n'kukagawira amake mapasa ndi anzawo ena a pabenchi. Ine ndinadziwa namwino atadabwa kuti magazi awo sakutsika. Ndinawakalipira, iwo anangoti sangameze piritsi lathunthu mnzawo wa pambali akugwa chizungulire. Anandiletsa kukuuza, ati ungasiye kutumiza.

Ndiye amake mapasa ankadziwa zoona zake. Pamene anthu ankamenya windo, iwo anatembenukira kwa amayi, kudikira kuti aimirire anene kuti mtsikanayo alibe mlandu. Amayi anayang'ana pansi. Akanatsegula pakamwa, bwenzi akunena pamaso pa anthu kuti mwana wawo wanama. Ine ndinayesa kufuula, koma m'phokoso lija mawu a telala ndani akanawamva, mwini nkhani ali duu?

M'mawa mwake amake mapasa anabwera kunyumba. Anakana mpando. Anaika zidutswa za mapiritsi pakhonde, anati iwo sangameze mankhwala amene achotsetsa ntchito mwana wa eni, bola magaziwo awaphe. Anatembenuka n'kumapita. Anthu amene anagawana mthunzi umodzi kumsika zaka zonse zija, lero akudutsana ngati sadziwana. Kuyambira tsiku limenelo amayi akungotola chakudya ngati mbalame.

Ndakwiya, mlongo wanga. Ndakwiya moti dzulo ndinasoka mkono wa malaya a munthu chadodolido. Ukadanama za makatoni ndikadangopukusa mutu. Koma unatenga mayi wokalamba, wodwala, n'kumuimika kutsogolo kwako kuti miyala igwere iye, iwe n'kukhala pansi anzako akukuombera m'manja. Unamuseka mayi uja za tsitsi pamene iye amafunsira anthu amene amakhala benchi limodzi ndi mayi ako. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife kuno mameyo atifika m'mawondo.

Nkhani sinathere pomwepo. Phungu uja walengeza kuti Lachinayi likubwerali abwera kuchipatala ndi atolankhani, ndipo akufuna kumva kuchokera pakamwa pa amayi eni ake. Dzana kunabwera wapampando wa chipani chanu wa dera lino. Anakhala pampando wa malemu bambo osapatsidwa, anayamba kuwauza amayi zokanena, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu ya mkaka. Anati akangolakwitsa, mwana wawo unduna watha. Ndinamutulutsa. Sindikudziwa ngati unamutuma ndiwe, ndipo ndikuopa kufunsa.

Ndinkaganiza kuti amayi amuseka munthu ameneyo. Koma lero m'mawa, ndikupita kukawapatsa madzi omwera mankhwala, ndinamva akulankhula okha kuchipinda. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. Anali atavala diresi lawo labwino lija, ataima pagalasi, akunena kuti iwo amalandira mankhwala pawindo mwezi uliwonse. Akafika pa mawu oti pawindo, amaima kaye. Amakonza mpango, n'kuyambiranso.

Ndinaima pamenepo ndi kapu m'manja. Ndinakumbukira tsiku lija unaswa galasi la kusukulu ndi mpira, n'kunamizira mnzako, iye n'kukwapulidwa. Amayi anasiya malonda awo kumsika, anakugwira khutu lomwelo kuchokera kunyumba mpaka m'kalasi, anakuimika kutsogolo kuti unene zoona ana onse akumva. Pobwerera anakugulira switi, anati munthu wonena zoona sagona ndi njala. Mayi ameneyo lero akuphunzira bodza pagalasi, ndipo mphunzitsi wake ndiwe.

Ndinalowa, ndinawafunsa chifukwa chake akudzizunza chotero. Anati iwo akalamba, akanyozeka palibe chimene ataye, koma iwe ukadali ndi ulendo. Ndinawafunsa za mtsikana wa pawindo. Anakhala pabedi, analira mopanda mawu, ndipo ine ndinalira nawo.

Akakanena bodza limenelo Lachinayi, mtsikana uja akhala wakuba mpaka kalekale, amake mapasa sadzapondanso pakhomo pano, ndipo amayi sadzakhalanso pabenchi paja mutu uli m'mwamba. Akakanena zoona, adzadziona ngati apha mwana wawo ndi pakamwa pawo. Konse kuwiri atuluka osweka. Ndipo amene wawaika pamenepa si phungu uja ayi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nyumba ya Malamulo ikumananso Lachiwiri. Ukafike nthawi yabwino, foni ukaisiye m'thumba. Ukapemphe mpata kwa Sipikala, ukaimirire pamalo pomwe unaima paja, ukanene kuti zimene unanena za mayi ako sizinali zoona, kuti mankhwala awo umawagulira ndiwe, ndipo kuti pawindo paja palibe kanthu. Ukanene kuti mtsikana wogawa mankhwala sanabise chilichonse. Phungu uja ukamupepese. Palibe amene akulembere papepala mawu amenewa, koma pakamwa unabadwa napo, Wailesi.

Akuseka, ndikudziwa. Amene ankamenya matebulo aja ayang'ana kumbali. Mwina unduna ukuthera pomwepo. Ukatha, chipinda chako kuno chilipo, muli nsalu zanga zokha ndipo ndizichotsa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndakutsina chifukwa ndiwe wanga. Ife Lachiwiri tikhala pakanema, ndiwakokera amayi mpando wawo pafupi.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti madiresi a ana ndatsala pang'ono kumaliza. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Alamu ako akupereka moni, ngakhale akuti kuntchito anzawo sakuwapatsa mpata wopuma. Mulungu akusunge, akupatse tulo ndi mtima wolimba, chifukwa ngakhale ndakwiya sindinasiye kukupempherera.

Amayi akudziwa kuti ndikukulembera, koma sakudziwa zimene ndalemba. Akuti ndikuuze kuti ali bwino, usadandaule, uzidya mokwanira chifukwa pakanema ukuoneka wowonda. Andituma funso limodzi lokha, ndipo ndalonjeza kuti ndilifikitsa. Akuti atolankhani akawafunsa, anene kuti mankhwalawo analandira tsiku lanji, kuti mawu awo asasiyane ndi ako.

Funso limeneli usandiyankhe ine. Ukaliyankhe Lachiwiri, utaimirira.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumbuyo.