Mutu wa Lughano Ndauona Mkati

Uliwa,
Karonga.

Okondedwa bambo a Lughano,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumeneko ku Joni. Chifuwa chija munkadandaula chinasiya? Tikumva kuti kwazizira kwambiri, muzivala zofunda thupi. Kuno ine ndili bwino. Angel wayamba kuthamanga, sakugwirikanso. Za Lughano ndi zomwe ndalembera kalata ino.

Ndalemba pamanja chifukwa pa foni mumadula ndisanamalize. Ndapatsira a Brave amene akubwera kumeneko pa basi. Muwerenge mpaka pansi, mukwiye pambuyo pake.

Mwaona pamwambapa kuti ndalemba Uliwa, osati Mwenilondo. Ndachoka pakhomo pa amayi anu, ndipo ana onse awiri ndili nawo.

Mukudziwa zimene anthu akhala akunena. Mwana wafika zaka zisanu ndi chimodzi osalankhula, osayang'ana munthu m'maso, ntchito kundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde. Geni yanga ya mpunga itayamba kuyenda, anthu anaphatikiza ziwirizi. Ati ndinamukhwimira mwana, ndinatenga nzeru zake kuti makasitomala azibwera. Amayi anu ananena zimenezi m'Chinkhonde ine ndili pomwepo ndikupeta, poyesa kuti mkazi wa ku Kasungu samva. Ndimamva bwinobwino.

Inu anakuuzani kuti ndinapita ku Blantyre kukagulitsa magazi a mwana. Zoona zake ndi izi. Dokotala wa kuchipatala cha ku boma ndiye anandiuza dzina la vuto la Lughano, akuti otizimu. Anati ku Blantyre kuli madokotala amene akuchita kafukufuku pojambula ubongo wa ana otere, kuti amvetse mmene mbali zake zimalumikizirana. Anandifunsa ngati ndingalole, ndipo anati kukana si mlandu. Ndinalola ndekha, palibe anandikakamiza.

Makina ake ndi chimphika chachikulu choboola pakati, mwana amagona pakabedi n'kulowa mutu. Salasa, satenga magazi, koma phokoso lake ngati chigayo. Tsiku loyamba Lughano anangoona n'kuyamba kukuwa, atatseka makutu. Palibe anamugwira. Anamusiya azizungulira m'chipindamo mpaka atatopa, n'kutiuza kuti tibwerenso mawa.

Asanalowe anati tichotse chilichonse chachitsulo m'thupi mwake. Ndinadula kachingwe kaja amayi anu anamumanga m'chiuno, chifukwa kanali ndi kandalama koboola. Mawa lakelo anamuveka zotseka makutu, anagona tulo atadya, ndipo anamujambula ine nditagwira phazi lake.

Dokotala wake ndi mayi, a Zione. Anandikhazika pampando n'kundionetsa pa kompyuta. Bambo a Lughano, ndinaona mkati mwa mutu wa mwana wathu. Anati ubongo uli ndi timisewu tambirimbiri tomwe mbali imodzi imatumizira uthenga ku inzake. Mwa ana ena a otizimu, timisewu tina timadzaza kwambiri, tina timayenda pang'ono, koma iwonso akadali kuphunzira, sanadziwe zonse. Ananenetsa kuti chithunzicho si mankhwala, ndipo sichingandiuze ngati mwana adzalankhule.

Ndinawafunsa funso limene ndinabwera nalo kuchokera ku Karonga. Ndinati, kodi m'mutumu muli malo amene achotsedwapo kanthu? Ndikhulupirira anamva chimene ndikufunsa. Anati, "Mayi, ubongo wa mwana wanu ndi wathunthu. Palibe chimene chachoka. Anabadwa chonchi, ndipo inu simunalakwe kanthu." Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa, manyazi osamva.

Nditabwerera, amayi anu anaona kuti kachingwe palibe. Sanafune kumva za chitsulo kapena makina. Anati ndachotsa dala chitetezo kuti ndimalize ntchito yanga.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika. Ndili kumeneko, iwo ndi achimwene anu a Jeffrey anatenga Lughano kupita naye kwa sing'anga ku Ngara. Mwana amene amalira ngakhale ndi msoko wa malaya, amuna akuluakulu anamupanikiza pansi, n'kumutema mphini ndi lumo m'mbali mwa mutu, pachifuwa ndi kumsana. Anamupaka zakuda. Nditabwerera kunyumba, ndinamupeza ali pansi pa tebulo akudziluma dzanja, mawu atatha ndi kulira. Nditatambasula mkono kuti ndimunyamule, anandithawa. Ine mayi wake.

Anakana chakudya, thupi linatentha, bala la pachifuwa linachita mafinya. Kuchipatala anesi anandifunsa kuti mwanayu ali ndi makolo kapena ayi. Anamutsuka balalo, n'kundilembera kalata ya zimene anaona pathupi pake.

Nditawafunsa a Jeffrey, anati ndisawavute chifukwa mwini mwana anavomera pa foni. Ndiye ndikufunsani inu: munavomeradi? Ngati ndi choncho musakane, ndikufuna ndidziwe munthu amene ndinakwatiwa naye. Inu munamunyamulapo Lughano pamapewa, mukudziwa mmene amanjenjemerera njinga yamoto ikadutsa. Munamva chiyani mutayika foniyo m'thumba?

Abale anu anaitanitsa bwalo la pabanja. Amalume anu anati ngati ndikufuna kuchoka ndichoke, koma ana ndisiye, chifukwa ng'ombe zinaperekedwa ndipo ana ndi a kuchimuna. Ndinaimirira, ngakhale anandiuza kuti ndilankhule nditakhala. Ndinati ng'ombe munaperekadi, koma sindinamve kuti zinagula ufulu wocheka mwana. Ndinati kalata ya kuchipatala ndili nayo, ndipo aliyense wobwera kudzatenga Lughano tikakumana naye kupolisi ndi kukhothi. Ndinawayankha m'Chinkhonde, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Amayi anu analira. Sindikuwada, ndikudziwa kuti nawonso amamukonda mdzukulu wawo mwa njira yawo. Koma njira yawoyo yasiya zipsera pathupi pa mwana wanga, ndipo sindidzamusiyanso nawo yekha.

Pano tikukhala m'chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo ya a Rashidi, aja a ku Mangochi. Akazi awo a Shamima amandigwirira Angel ndikakhala pamsika. Lughano ndimapita naye, amakhala pansi pa benchi pomwe palibe womukhudza. Mabala akuuma. Dzulo anabwera yekha, anagwira dzanja langa n'kuliyika pa ndowa, kutanthauza kuti akufuna madzi. Kanali koyamba kundikhudza chichokereni ku Ngara.

Mwezi wa mawa tikubwereranso ku Blantyre. Akamujambulanso, ndipo kuli mayi wina wophunzitsa ana osalankhula kupempha zinthu ndi zithunzi. Munati pa foni ndisapite. Ndikupita. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsani monga bambo wake.

Chimene ndikupempha ndi china. Bwerani. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, tikumane ku Blantyre, mukakhale pampando womwe ndinakhala ine. Mukawafunse a Zione chilichonse chimene amayi anu anakuuzani, musasiye ngakhale chimodzi. Mukamva nokha, musankhe koti muime. Mukasankha kuima ndi mwana wanu, malo anu alipo pano. Mukasankha kwina, ndidzamva kuwawa, koma Lughano ndimulera.

Mundiperekere moni kwa alamu a Anthony ndi akazi awo a Yunike. Muwauze kuti nsapato za Angel zinafika ndipo zamukwana. Mulungu akusungeni pantchito ndi m'misewu ya kumeneko, akupatseninso mtima wowerenga kalatayi kachiwiri mkwiyo ukatsika.

Ndine mkazi wanu, mpaka mutanena zina,
Violet