Nsapato Yotoledwa Kawiri

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo kuzizira umadandaula kuja sikunakudule zala. Miyendo inasiya kutupa? Odwala ako akukusiyirako mpata wogona? Kuno tilipo. Mlamu wako chifuwa chinatha, mawu abwerera onse, ndipo onsewo akuthera pa ine.

Mwana wako naye thupi lili bwino. Akudya, akusamba osakumbutsidwa. Koma ndagwira cholembera chifukwa pa foni paja sunandipatse mpata. Unalankhula, unagamula, unadula.

Nkhaniyi unaimva kwa ahedi. Tsopano uimve kwa munthu amene analipo.

Teremu ino aphunzitsi a kalasi yawo anayambitsa zoti ana aziphunzira potumikira anthu a m'dera. Anawauza kuti ayende, aone vuto, afufuze gwero lake, kenako akalankhule ndi akuluakulu. Ine ndinaseka. Zomwezi ndinaziphunzira ku yunivesite, ndipo zinandithandiza kupeza ntchito yosindikiza makadi a ukwati.

Koma anawo sanaseke. Anasankha ngalande ija ya kuseri kwa mpanda wa sukulu, imene ana ochokera mbali ya kumsika amawolokera pa thabwa limodzi. Mvula ikagwa, zinyalala zimatseka paipi ya pansi pa msewu, madzi n'kukwera mpaka kumiza thabwalo. Tiana ta makalasi oyamba timangoima tsidya, kulira, n'kubwerera kwawo.

Mwana wako ndiye anasankhidwa kutsogolera. Kunyumba kuno tinamupatsa dzina loti Wapampando, chifukwa ngakhale wopempha mchere patebulo ankayenera kuyamba wakweza dzanja. Kukacha ndi mvula ankalawirira kungalande kukawolotsa tianato kamodzikamodzi, zikwama zawo atazikoleka m'khosi ngati wazimalonda. Loweruka lililonse iye ndi anzake ankavala timajumbo m'manja n'kumavuula zinyalala. Ankazilonga m'matumba kuseri kwa zimbudzi, podikira galimoto ya khonsolo, imene aliyense anaimvapo koma palibe anaionapo.

Anakafunsanso amayi a mumsika chifukwa chimene amatayira zinyalala mungalande. Amayiwo anawabwezera funso kuti nanga azitaya kuti, m'thumba la malaya a aphunzitsi? Apo ndi pamene ana anapezera zopempha zawo: bini yaikulu kumsika, ndi kamlatho kokhala ndi pogwira.

Ngalande inayera, mlongo wanga. Inayera mpaka achule anasowa pobisala.

Vuto linayambira pomwepo. Kunamveka kuti kukubwera alendo, a kukhonsolo ndi a bungwe lina, kudzaona ana akugwira ntchito. Ahedi anapita kukayendera ngalande ija, n'kubwerako nkhope itagwa. Akuti anthu aulemu wawo sangachoke kutali konseko kudzajambula malo oyera. Ndiye kutatsala tsiku limodzi, ana ataweruka, matumba aja anamasulidwa, zinyalala n'kubwezedwa mungalande. Anazimwaza mwaluso ndithu, zambiri kumbali imene dzuwa limawala bwino.

Pa tsikulo ine ndinalipo, poti chinsalu cholembedwa kuti ANA NDIWO ATSOGOLERI A MAWA chinasindikizidwa kuntchito kwathu, ndipo wokachimangirira ndinali ine. Ana anapatsidwa magolovesi atsopano, koyamba kuwaona, n'kuchenjezedwa kuti asawadetse kwambiri chifukwa ndi obwereka. Mkulu wina wa alendo anagwira fosholo ngati wanyamula khanda la eni, n'kumwetulira mpaka wojambula anati zakwana.

Kenako anaitana Wapampando kuti awerenge mawu othokoza amene ahedi anamulembera. Anabwera kutsogolo, dzanja ili pepala, dzanja linalo kansapato kofiira koduka lamba. Sanakweze mawu n'komwe.

"Alendo athu, nsapato iyi ndikuidziwa. Ndinaitola kale mwezi watha. Tikupempha bini ndi mlatho, kuti tisamatole zinthu kawiri."

Alendo anaseka, anaomba m'manja. Mayi wina wa kubungwe lija anati mwanayu adzakhala nduna. Anamwa zoziziritsa kukhosi, anakwera magalimoto awo. Za bini ndi mlatho anati aziona, ndipo ukudziwa kuti maso a anthu amenewa amachedwa kuona. Amene sanaseke ndi ahedi okha.

Chigamulo chawo n'choti Lolemba likubwerali mwana aime pa asembule, apepese, anene kuti anasokonezeka ndipo nsapato ija sanaionepo kale. Akapanda kutero gulu lawo lonse litha.

Ndinapita kuofesi kwawo. Anandikhazika pa mpando uja wopendekeka, n'kundifotokozera modekha kuti iwo sanabweze zinyalala ayi, anangokonzanso chithunzi cha mmene zinthu zinalili. Ndinawauza kuti mayi a mwanayu ndi namwino, ndiye ndikawafunsa ngati odwala akachira amawabwezera matenda madokotala aakulu akamabwera kudzayendera. Anati tsopano aona kumene mwanayu anatengera pakamwa. Aphunzitsi a kalasi ananditsatira panja, n'kundinong'oneza kuti mwana sanalakwe, kungoti nawonso ali ndi ana kunyumba.

Ndiye ahedi anakuimbira iwe. Iwenso, utatopa ndi ntchito, unauza mwana kuti sunapite kutali konseko kuti iye azichititsa manyazi akuluakulu. Apepese, alimbikire masamu, za ngalande azisiyire eni ake.

Sindikukunena. Mantha ako ndikuwadziwa: mayeso ali pafupi, ndipo mwana akadedwa ndi ahedi, iwe sungafike kudzamuimira. Nanenso ndimaopa.

Koma wakumvera, mlongo wanga, ndipo kumverako ndi kumene kukundisowetsa mtendere. Sanalire, sanatsutse. Akuyeserera kupepesa pa galasi la mlamu wako, ndi mawu osalala ngati wolengeza zanyengo pa wailesi. Nditamuseka kuti kodi a Wapampando atula pansi udindo, anandiyankha mwaulemu kuti ndizimuitana dzina lake lenileni.

Lachinayi kunagwa mvula. Zinyalala zija, alendo atachoka, palibe anazitolanso, choncho madzi anakwera monga kale. Ndinamuperekeza ndi ambulera. Tinapeza tiana titaunjikana m'mphepete, ndipo tianato titamuona tinayamba kumuitana. Kena kanali katavula kale chikwama, kakumupatsira. Iye anavula nsapato zake, anafufuza thabwa ndi phazi, anawoloka yekha osacheuka. Wowolotsa ndinakhala ine, ndi thalauza langa la kuntchito.

Ataweruka ndinamufunsa chifukwa chake. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Amalume, pajatu panalibe wojambula."

Ine nthabwala ndimazikonda, iwe ukudziwa, koma imeneyi sindinaiseke. Zimene ine zinanditengera digiri kuti ndizidziwe, mwanayu waziphunzira mu teremu imodzi, ndipo tamuphunzitsa ndife.

Chonde, muimbire Lolemba lisanafike. Usayambe ndi masamu. Mufunse za nsapato, kenako ukhale chete, ngakhale ndikudziwa kuti kubanja kwathu zimenezi sitinabadwe nazo. Ngati ukufuna apepese, apepese poti sanawerenge pepala la ahedi. Pa zimenezo ndidzaima kumbuyo kwake, nditavala tayi. Koma usamutume kukanena pamaso pa anzake kuti sanaone zimene anaona, chikhalirecho matumbawo anamanga nawo limodzi.

Makolo angapo tagwirizana zopita ndi ana kukhonsolo tokha, popanda chinsalu, gulu lithe kaya lisathe. Anzake aja akuti sapita ngati mwana wako sapita. Ine ndayesa kumunyengerera, koma amadziwa kuti ndine wanthabwala. Mawu amene anamukhazika pansi ndi ako, ndipo sangadzuke ndi a munthu wina.

Kansapato kaja anakaponya mu bini ya kukhitchini. Ndinakatola, ndinakatsuka, n'kukaika pawindo la kuchipinda kwake. Ndiye kuti katoledwa katatu tsopano. Sanakakhudze, komanso sanakachotsepo. Ndimakasuzumira m'mawa uliwonse ndisananyamuke.

Mulungu akusunge ndi kukupatsa mphamvu pa ntchito yako. Undiperekere moni kwa msuweni wathu ndi ana ake, umuuze kuti jekete anandilonjeza lija likafika ndili ndi imvi ndilivalabe. Mlamu wako akuti uzidya, usamangothamanga.

Foni ndaitchaja, ili patebulo.

Ine mlongo wako,
Amalume ake a Wapampando