Ndinawafulatira asewere anga monga munkachitira inu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Springburn, mu Glasgow muno, tilipo, kungoti bondo lija likundikumbutsa zaka zanga ndikamakwera basi. Achimwene akuti kumudzi chimanga chachita bwino. Ine kadimba kanga kandipatsa chibwabwa chokha, dzungu ngakhale limodzi ayi. Dzuwa la kuno ndi laulesi.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Tadala wabereka mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu ndithu. Tsitsi ndi la bambo wake, Kiran, mnyamata wa ku India amene munangomuona pa chithunzi musanatisiye. Kwawo amalankhula Chitelugu, ndipo mayi ake, asewere angawo, ndi mlakatuli wotchuka kumeneko. Akuti mabuku awo amaphunzitsidwa m'masukulu, mphoto nazo zadzaza kabati.

Apa ndi pamene panabuka mlandu. Pa ubatizo wa mwana abusa atipatsa mpata wa chinthu chimodzi chokha. Ine ndinafuna nyimbo yanu ija ya ku Mvano. Tadala anafuna ndakatulo ya apongozi ake. Mukundidziwa pakamwa panga, Amayi. Ndinati kutchuka si kukoma, mphoto amapatsana okhaokha ophunzira, ndipo ndakatulo zamakono ndi mawu ongodula pakati kuti tsamba lidzaze. Tadala anandiyankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow kuti ndikunyoza chinthu chimene sindinachimvepo, natenga mwana n'kupita. Anasiya kuyankha foni. Ndinkagona ndi kajuzi kamene ndinalukira mwanayo, mtima ukuwawa.

Kenaka ndinamva kuti asewere akawerenga ndakatulo zawo mu holo ina ku Gorbals. Ndinapita osaitanidwa. Anthu a kwawo anadzaza, atavala zonyezimira, akuwomba m'manja mayiyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinakumbukira inu pa mipikisano ya makwaya ku Kasungu, mmene munkatembenuzira mpando n'kuyang'ana khoma. Munkati, "Yunifolomu siyimba, mwanangu. Ukafuna kumva nyimbo, ifulatire." Nane ndinatembenuza mpando. Anthu anang'ung'udza, ndipo ndinadziwa kuti Tadala, amene analinso momwemo, akufuna nthaka itseguke.

Ndikuuzani zoona. Ndakatulo zoyamba sizinandigwire. Zinali zaphokoso ngati msonkhano wa ndale, ndipo Kiran atandimasulira pambuyo pake ndinaona kuti khutu silinandinamize. Mlakatuli wamkulu nayenso amaphonya. Koma yomaliza, Amayi! Mawu anatsika. Ankabwera awiriawiri, n'kuima, awiriawiri, n'kuima, monga manja a munthu amene akusoka fodya m'chigafa. Pakati pake ankadukiza ngati munthu amene mpweya wamuthera. Sindinamve tanthauzo la liwu ngakhale limodzi, koma ndinapezeka zala zanga zikugwira ntchito pa chilolo, ndipo misozi inali itafika kale pachibwano.

Atamaliza ndinamukoka Kiran kuti andiuze. Kodi mumadziwa kuti kwawonso amalima fodya? Ndakatuloyo ndi ya mayi awo a asewere, amene anakalambira m'chigafa cha eni ake. Zala zawo zinada ndi utomoni mpaka sopo analephera, moti pa ukwati wa mwana wawo anabisa manja m'nsalu. Sanasutepo chibadwire, koma chinawatenga ndi chifuwa. Ndinakumbukira zala zanu za m'chigafa zija, Amayi. Inu pa ukwati wanga munavala magolovesi oyera obwereka, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine ndinkaseka kuti mwayamba chizungu.

Asewere anabwera n'kundifunsa, kudzera mwa Kiran, chifukwa chimene ndinawafulatira. Ndinawafotokozera za inu ndi makwaya anu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati olemba ambiri a kwawo akanamvedwa chofulatiridwa, makabati awo akanakhala opanda kanthu. Kenaka anagwira manja anga, nawatembenuza, nawayang'anitsitsa. 

Ndiye ngati mukufuna chigamulo cha mwana wa woweruza makwaya, n'chimenechi: asewere mbiri yawo sanaitole pansi. Munthu amene angandionetse mayi anga m'chilankhulo chimene sindichimva, mphoto zakezo n'zochepa. Munkati fodya wabwino sasowa womuitanira. Ndavomera.

Mundikhululukire, nyimbo yanu siimbidwa pa ubatizo. Ndapempha ndekha kuti awerenge ndakatulo ija, ndipo sindikuona ngati mwachotsedwa pa mwambo. Tadala wabwera dzulo, kajuzi kamukwana mwana. Mayi wake akutsuka mbale, ndinamunong'oneza nyimbo yanu yonse kukhutu, ndipo ndidzapitiriza mpaka adzaiyimbe yekha. Pa tsikulo ndidzakhala moyang'ana kutsogolo, ndikulonjeza. Inu mudzabwere manja ali poyera, Amayi, musadzawabisenso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati