Katani ya Nsomba pa Bafa ya Modester

Lolemba, 9 Juni 1952

Sofia watupa timapazi. Ndikadina ndi chala pakutsala kadzenje. Akutsokomola, bere akungolinyambita n'kulisiya. Ndikuopa tsempho. Mwanayu sitinamutengere kumphasa, ndiye bambo ake akapita kwa mkazi wina n'kudzamunyamula, amudula. Amayi anga anawauza zimenezi amuna anga a Yoram pamaso panga tsiku lomwe ankabwerera kwa Kawinga. Iwo anawomba m'manja, amvekere ndamva.

Nanga katani yanga ikutani pa bafa ya Modester?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilembe bwinobwino, mutu ungandisokonekere.

A Yoram amagwira ntchito m'nyumba mwa bwana wa sitesheni kuno ku Balaka. Dona ataitanitsa katani yatsopano yotchinga posambira, yakale anati akataye. Yamphira, madzi salowa, yojambula nsomba zabuluu. A Yoram anabwera nayo ine ndili ndi pakati, yonse ili mawangamawanga a nkhungu, kununkha kwake. Ndinaikwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka zala kusupuka. Pong'ambika m'munsi ndinasoka ndi ulusi wofiira, wina ndinalibe. Tinachotsa chiguduli chobookabooka chija, chomwe anyamata a njanji ankasuzumirapo podutsa, n'kupachika iyo pansungwi. A Zaina a khomo loyandikana nafe, pondithowa ndi madzi otentha nditachira, ankandiseka kuti ndasanduka Dona Martina.

Mwezi watha inasowa. A Yoram anati dona waifunanso. Dona kufuna chinthu chosoka ine?

Dzulo popita kumpopi ndinadzera kuseri kwa thanki. Katani ili pomwepo, nsomba zanga zikuuluzika ndi mphepo, ulusi wofiira ukuoneka. Kwa Modester, wogulitsa thobwa pasitesheni uja, amene mwamuna wake anatchona ku Joni.

Lachitatu, 11 Juni

Ndasamba chonjuta kuseri kwa chiguduli. Iye akusamba chilili.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinapita naye Sofia kwa asisitere. Ati ndi chifuwa cha kuzizira, ndizimufunditsa, andipatsa mankhwala a m'botolo. Za mapazi anangogwedeza mutu. Sindinatchule tsempho, akanandikalipira.

Pobwera ndakumana ndi Modester kumpopi. Duku latsopano, khungu see, akununkhira sopo wa kunyumba kwa dona, yemwe a Yoram ankandibweretsera tizidutswa take. Ine ndikununkha mkaka ndi utsi. Anayamba ndi iye kupereka moni, ati mwana wadzuka bwanji, mpaka kufuna kumugwira tsaya. Ndinapotoloka. Nditafunsa za katani anati zotaya azungu zilibe mwini, n'kusenza ndowa yake. Sanatayeko ndi dontho lomwe. Amayi ena pampopipo anangogwetsa maso pansi. Ndiye kuti akudziwa onse.

A Zaina akuti ndisathamange, mwina anagula. Anagula ndi chiyani?

Loweruka, 14 Juni

Ndawafunsa a Yoram. Sanandiyang'ane. Ati makatani a nsomba ndi ambirimbiri kwa amwenye, ndisiye kulondalonda mabafa a eni.

Ndabereka mwana, sitolo ndi sitolo msewu wonse. Palibe. Mwenye wina anaseka, ati zimenezo amaitanitsa azungu okha ku Limbe, ine nditenge biriwita kapena kaliko. Ndinaigwira kalikoyo, yopyapyala, ikanyowa munthu aoneka yense. Ndinaisiya. Sindikufuna ina. Ndikufuna yanga.

Kutupa kwafika m'maondo.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Modester amakhala kutsogolo, amayimba mokweza.

Ndakhala ndikuganiza, kodi a Yoram amamutungiranso madzi monga ankanditungira ine? Kodi nsungwi anamudulira ndi iwo? Sofia akulira mopanda mawu, kukamwa kokha.

Lolemba, 16 Juni

A Yoram abwera masana, nthawi yomwe sabwera, katani ili kukhwapa. Achotsa chiguduli, apachika, akonzakonza makwinya. Ndinapita kukaona. Ulusi wanga wofiira Modester wausomola, wasokapo woyera, timisoko ting'onoting'ono tokongola kuposa tanga. Ndi fungo la sopo uja.

Ndinabwerera pakhonde, ndamasula Sofia kumsana. Masiku onse akaweruka amamulanda m'manja mwanga asanavule n'komwe yunifolomu, kumuvinitsa, kumuyimbira za sitima. Ndinamutambasulira kwa iwo.

"Bambo a Sofia, tamulandirani mwana wanu."

Anayang'ana timiyendo tija. Manja anawabweza kumbuyo.

"Iyayi, make Sofia. Musandipatse."

"Chifukwa?"

Anakhala pansi, pafumbi, ndi yunifolomu yoyera ya bwana. Kenaka anati, motsitsa, nditumize mawu kwa amayi abwere ndi mankhwala, iwo adzanena zonse pamaso pawo, zomwe adzauzidwe adzachita.

Ndinkafuna akane. Sabata yonseyi ndimafuna andigwire bodza ine.

A Zaina athamangira lole ya ku Ntaja kukapereka uthenga wopita kwa amayi kwa Kawinga. A Yoram akadali pafumbi pomwepo. Katani ikungopepeluka, sindikufuna n'kuiona komwe. Sofia watentha thupi, wasiyiratu kuyamwa.

Amayi, musadikire kuti mutsirize kupuntha mpunga. Siyani zonse, kwerani lole yomweyo. Bwerani msanga, amayi, mwana akundithera m'manja.